Mafunso Anu: Zilombo zakuthambo zovala ubweya, ndi nthabwala kapena zoopsa?

Akonzi, mwana wanga wa zaka 13 wabwera ndi filimu ya Attack the Block pa fulashi. Nditaonerako pang'ono mutu unaima. Zilombo zake zikuoneka ngati anthu ovala zikopa, ana akutukwana, pena ukuseka pena magazi ali chuchuchu. Kodi imeneyi ndi nthabwala kapena filimu yoopsa? Nanga ndimulole aonere?
Mayi wa ana atatu, Zomba

Mayi, ndiyambe ndi funso lomalizali. Fulashiyo musunge kaye m'chikwama chanu. Bungwe loona za mafilimu ku Britain, la BBFC, linati filimuyi ndi ya azaka 15 kupita m'tsogolo, ndipo pamenepa ine sinditsutsa: muli kutukwana kosaleka, muli chamba, ndipo anthu ena amafa imfa yonyansa. Koma inuyo ana akagona muionere mpaka kumapeto.

Ndi nthabwala komanso yoopsa, ndipo anachitira dala. Maso anu sanakunamizeninso. M'kati mwa zilombozo munalidi anthu ovala zovala zaubweya, akuthamanga ndi manja ndi miyendo. Mmodzi wa iwo ndi Terry Notary, katswiri wotsanzira mayendedwe a nyama. Pa kompyuta anangodetsa ubweyawo kuti ukhale bii ndi kukonza mano aja owala mumdima. Maso zilibe. Zikamabwera m'khonde la mdima umangoona mano okhaokha, ndipo kwa ine n'zoopsa kuposa zilombo zambiri za ku Hollywood zimene amakuonetsa tsitsi lililonse.

Nkhani yagona pa ndalama. Joe Cornish anajambula filimuyi, yoyamba kutsogolera iye, ndi mapaundi pafupifupi 8 miliyoni, ndipo inatuluka mu 2011. Independence Day ya mu 1996 inadya madola 75 miliyoni, nchifukwa chake anatha kuphulitsa White House, nyumba ya pulezidenti wa America, ndi kudzaza thambo ndi ndege zankhondo. Wopanda ndalama zotero sangagumule mzinda. Ndiye Cornish anatenga usiku umodzi, wa pa 5 November pamene Angerezi amaphulitsa makombola pokumbukira Guy Fawkes, ndi mdadada umodzi wa mafulati a anthu osauka kummwera kwa London. Zilombo zikugwa kuchokera kumwamba palibe akuzindikira, aliyense akuyesa ndi makombola. Asilikali kulibe, pulezidenti kulibe. Olimbana nazo ndi anyamata a njinga, onyamula chikwanje, lupanga ndi makombola omwewo.

Ndipo anyamatawa si angelo. Filimu ikuyamba iwo akulanda namwino wina, Sam, foni ndi mphete pamsewu. Cornish ananenapo kuti nayenso anaberedwapo ndi achinyamata, ndipo anaona kuti nawonso anali ndi mantha. Apa ndi pamene filimuyi imandigwira mtima. Mtsogoleri wawo, Moses, umamuona ngati chigawenga chokhwima. Kenako chakumapeto Sam akulowa m'fulati yomwe Moses amakhala ndi amalume ake osakhazikika pakhomo, n'kupeza pabedi pali chofunda chojambulidwa Spider-Man. Amufunsa zaka, iye akuti 15. Mwanayu ndi amene anaputa mavuto pakupha chilombo chachikazi choyamba, fungo lake n'kumukakamira, zazimuna zonse n'kumamulondola. Ndi yemweyonso amene akuzikokera m'fulati yake yodzaza gasi n'kuziphulitsa. Apolisi atafika akumanga iyeyo. Miyezi itatu filimuyi itatuluka, mu August 2011, ku London kunabuka zipolowe, ndipo ambiri anayamba kuiona ndi diso lina.

Mwana wanu mwina anaifuna chifukwa cha nkhope yomwe akuidziwa kale. Moses ndi John Boyega, mwana wa makolo ochokera ku Nigeria wokulira ku Peckham mu London, yemwe mu 2015 anadzakhala Finn mu Star Wars. Namwino uja ndi Jodie Whittaker, amene mu 2017 anasankhidwa kukhala mkazi woyamba kusewera ngati Doctor m'sewero la pa TV la Doctor Who. M'makanema filimuyi sinabweze n'komwe ndalama zake, inadzatchuka pambuyo pake anthu akuuzana okha.

Si yokhayi yamtundu umenewu. Mu The World's End ya Edgar Wright, ya mu 2013, abambo asanu akubwerera kwawo kuti amwe mowa m'mabala 12 usiku umodzi, n'kupeza kuti anthu a m'tauniyo asinthanitsidwa ndi zidole zamagazi a buluu. Imeneyi kuseka kumachuluka, ngakhale pansi pake pali nkhani yomvetsa chisoni ya chidakwa chokana kukula. Grabbers ya mu 2012, yomwe nkhani yake ikuchitikira pa kachilumba ka ku Ireland, ndiye yaonjeza: zilombo zake zimayamwa magazi koma mowa ndi poizoni kwa izo, choncho apolisi akusonkhanitsa mudzi wonse m'bala kuti uledzere mpaka kucha. Zilipo zina zotchipa kwambiri ngati Evil Aliens ya mu 2005, koma imeneyo ndi magazi okhaokha, sindingakulimbikitseni.

Ziwiri zoyambazo nazonso ndi za azaka 15, ndiye zikapezeka pa fulashi yomweyo, nazo zidikire.