Mabakiteriya a m'nthaka ndi majini ochokera kwina

Mwafunsa ngati n'zoona kuti mabakiteriya a m'nthaka amatha kutenga majini (malangizo achibadwa amene chamoyo chimatengera kwa makolo ake) a zamoyo zina popanda munthu kuchitapo kanthu. Zimachitikadi, ngakhale kuti si kawirikawiri monga ena amaganizira.

Njira imene imandichititsa chidwi kwambiri ndi yotola DNA yotayika. DNA ndi chinthu chooneka ngati zingwe ziwiri zopotana chimene chimasunga majini. Selo (kachigawo kakang'ono kwambiri ka chamoyo) ikafa n'kuphulika, DNA yake imamwazikana m'dothi, ndipo yambiri imawonongeka msanga, koma ina imamatirira ku tizidutswa ta dongo ndi mchenga, pomwe imatetezeka kwa nthawi ndithu. Mabakiteriya monga Bacillus subtilis ndi Acinetobacter baylyi amakoka DNA imeneyi, ndipo pa zingwe zake ziwiri, chimodzi chokha n'chimene chimalowa mkati, chinacho chimadulidwadulidwa. Komabe jini yachilendoyo sikhazikika ngati sikufanana ndi mbali ina ya DNA ya mwini selo, n'chifukwa chake majini a zomera amavuta kwambiri kuti alowerere mwa bakiteriya.

Mavairasi nawonso amanyamula majini, koma njira yofala ndi ya mabakiteriya awiri kukhudzana n'kupatsirana, makamaka pafupi ndi mizu pomwe chakudya chili chambiri. Ku New Zealand, m'zaka za m'ma 1990, ofufuza anabwerera m'munda momwe anabzala chomera cha Lotus chothiridwa mabakiteriya a Mesorhizobium zaka 7 m'mbuyomo, ndipo anapeza kuti mabakiteriya a m'deralo, omwe kale sankatha kupanga timatuza ta pamizu momwe nayitirojeni ya mumpweya imasandutsidwa chakudya cha chomera, anali atalandira gulu lonse la majini a ntchitoyi kuchokera kwa alendowo.