Funsani Tikuyankheni: Chinyumba chopanda denga pachilumba ku Scotland

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Dumfries. Tsiku lina ndili pa ofu anzanga ananditengera chaku Castle Douglas, tinayenda wapansi kudutsa m'minda mpaka kumtsinje, ndiye kutsidyako ndinaona chinyumba chamiyala chachitali chopanda denga chili chokhachokha pachilumba, akuti Threave Castle. Koma abale munthu wanzeru zake kumanga nyumba yoima ngati nkhokwe pakati pa madzi, timawindo take tating'onoting'ono, inali nkhani yanji? Nanga ndalama poti ali nazo anthuwa, bwanji osangofolera? Mlongo wanu, Dumfries.

YANKHO: Achemwali, mwafanizira bwino ndi nkhokwe, chifukwa nayonso timaikweza m'mwamba poopa makoswe, kungoti makoswe a kumeneko anali ndi malupanga. Mtsinje munauonawo ndi Dee, ndipo mwini nyumba anali Archibald Douglas, amene ankamutcha "the Grim", tinene kuti bambo wa nkhope yoopsa. Mfumu ya Scotland David II inamupatsa dera la Galloway mu 1369, dera lovuta, anthu ake osamva za boma, Angelezi nawo ali pafupi, ndiye mkuluyu anafuna nyumba yoti aliyense akaiona adziwe kuti pano pali mwini wake. Anafera momwemo mu 1400.

Ndi nyumba ya nsanjika zisanu, makoma ake kunenepa pafupifupi mamita 3. Pansi penipeni panali mosungira zakudya ndi chitsime, chitsime m'nyumba, kuti adani akakuzingani musafe ndi ludzu, komanso kandende kamdima. Pamwamba pake khitchini, kenako holo yaikulu yodyeramo ndi kuweruziramo milandu, kenako zipinda za bwana. Makwerero ake ndi ozungulira, obisika mkati mwa khoma pakona, opanikiza moti gulu silingakwere nthawi imodzi. Timawindo mukunenato ndi tam'munsi, m'mwamba mosafika adani anaikamo akuluakulu ndithu.

Koma chimodzi chakupusitsani. Sinali yokhayokha ayi. Akatswiri atakumba pachilumbapo m'ma 1970 anapeza maziko a nyumba zina zoyandikana nayo, ndipo padooko pomwe pankaima mabwato anatolapo nsapato zachikopa ndi mbale zamtengo. Panali kamudzi ndithu, ophika, amisiri, asilikali, phokoso tsiku lonse. Nyumba zinazo anazigumula eni ake cha m'ma 1450 kuti amange linga lokhala ndi tinsanja tozungulira m'makona ndi mabowo oomberapo mfuti, limodzi mwa malinga oyambirira a mtundu umenewu ku Britain konse.

Ankaopa ndani? Mfumu yawo yomwe. Banja la Douglas linali litakula mphamvu mopitirira, ndiye mu 1452 mfumu James II anaitana William Douglas, mkulu wa banjalo, ku Stirling atamulonjeza kuti palibe chimuchitikire, n'kumubaya ndi mpeni yekha mfumuyo, tangoganizani mlendo womuitana wekha. Mu 1455 anabwera ndi mizinga kudzazinga Threave, miyezi iwiri n'kupitirira koma khoma osagwa, mapeto ake asilikali a mkatimo anagonja ndipo akuluakulu awo analandira kangachepe kuchokera kwa mfumu. Eee, za envulopu sizinayambe lero. Wina akakuuzani kuti chimzinga chotchuka cha Mons Meg chinasulidwa ndi wosula wa komweko chifukwa cha nkhondoyi, mungoseka, chinapangidwa ku Mons, mzinda womwe pano uli ku Belgium, mu 1449.

Denga silinagwe ndi mvula. Mu 1640 nyumbayi inali m'manja mwa banja la Maxwell, lomwe linali mbali ya mfumu Charles I, ndiye gulu la Covenanters linaizinga masabata 13 mpaka mfumuyo inalola kuti agonje. A Covenanters amenewa ankamenyera kuti mpingo uziyendetsedwa ndi akulu a mpingo osati mabishopu oikidwa ndi mfumu, chipresibeteriya chomwechi chimene pambuyo pake chinafika kwathu n'kubala CCAP. Atapambana anasasula denga ndi kuchotsa zamkati dala kuti wina asadzabisalemonso ndi asilikali.

Zofolerazo si vuto la ndalama kwenikweni. Bwinjali lili m'manja mwa boma kuyambira 1913, pano amalisamalira a Historic Environment Scotland, ndipo iwo amati ntchito yawo ndi kulimbitsa zomwe zatsala, osati kumanga zongoganizira. Ine ndimagwirizana nawo, denga latsopano likanangobisa zomwe zinachitika mu 1640.

Mukafuna kulowamo, mwambo wake ndi woti pagombepo umaliza belu ndiye wabwato amabwera kudzakuolotsa, koma yambani mwaona pa intaneti ngati ndi potsegula chifukwa nthawi yozizira amatseka komanso nthawi zina amakhala akukonza miyala. Nsapato za kutchalitchi zisiyeni kunyumba, njira ija ikagwa mvula ndi matope okhaokha.