Mayi, ndalama za chipereganyuzo zisungeni kaye

Mayi wina wa ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg, wandilembera, ndipo makalata otere akungobwera chaka chino. Mwana wawo wa zaka 23 anamaliza dipuloma ya zamakompyuta, ali pakhomo chaka chachiwiri tsopano. Koleji ina ya m'tauni yamuuza kuti akalipira maphunziro a VMware a masabata asanu ndi limodzi, ntchito yosamalira maseva (makompyuta amphamvu a makampani) ayipeza mosavuta. Bambo ake akuti asiye zamakompyutazi akayambe za akawunti. Mayiwo akufunsa ngati atenge ndalama za chipereganyu akalipirire mwanayo.

Mayi, musalipire kaye.

Mukuzidziwa nyumba za ku Yeoville zomwe eni ake amazigawa zipindazipinda n'kulowetsamo alendi asanu ndi atatu? Ntchito yomwe mwana wanu akuifunayo ndi yomweyo. Kampani imagula seva imodzi yamphamvu, n'kuigawa kuti ikhale ngati makompyuta makumi awiri kapena atatu: ina ya malipiro a antchito, ina ya maimelo, ina ya kaundula wa makasitomala. Amene amasamalira zimenezi ndiye landilodi. Seva ikakalamba kapena ikafuna kukonzedwa, amasamutsa alendi onse kupita ku nyumba ina, nthawi zina ali m'tulo, osawadzutsa, ndipo m'mawa aliyense azipeza katundu wake ali pamalo.

Kwa zaka zambiri VMware, kampani yopanga pulogalamu yogawira maseva, ndiye anali mfumu pa ntchitoyi. Koma mu Novembala 2023 kampani ya Broadcom inagula VMware, n'kusiya kugulitsa malayisensi ogula kamodzi, n'kuyamba olipira chaka ndi chaka. Makampani ambiri ang'onoang'ono anaona mtengo ukukwera, ndipo ena akusamukira ku mapulogalamu ena ogawira maseva, monga Proxmox ndi Hyper-V ya Microsoft, kapena ku cloud, komwe ndi kuchita lendi maseva a kampani ina kudzera pa intaneti. Kuno ku Johannesburg cloud si nkhambakamwa: Microsoft anatsegula malo a cloud yake, Azure, mu 2019, Google mu 2024, ndipo ku Isando kuli nyumba zikuluzikulu za maseva za Teraco. Ndiye ntchito ilipo, koma yambiri ndi yosamutsa, ndipo akufunika munthu wodziwa nyumba yakale ndi yatsopano yomwe. Masabata asanu ndi limodzi a VMware yekha sangamufikitse pamenepo.

Ndinenenso mosabisa: palibe bwana amene angapatse mnyamata wosagwirapo ntchito makiyi a maseva a kampani chifukwa cha pepala lokha. Akalakwitsa kamodzi Lachisanu usiku, Lolemba anthu mazana salandira malipiro. Aliyense amayambira pansi, kuyankha mafoni a anthu oiwala password ndi kukonza maprinta.

Chomwe ine ndingachite ndi ichi. Kagawo kochepa ka ndalamazo mugulire kompyuta yakale ya muofesi, yokhala ndi RAM (memori yogwirira ntchito) ya 16GB kapena kuposerapo. Aikemo Proxmox, yomwe amaipanga ku Vienna ndipo kuitsitsa pa intaneti n'kwaulere. Apangemo makina atatu kapena anayi, ngati zipinda zija, ina ya Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ngati Windows), ina ya Windows Server yoyeserera, aziilumikiza pa netiweki. Kenako aziwononge dala. Afufute imodzi, aibweze kuchokera pa backup (zomwe anakopera n'kusunga padera). Akapeza kompyuta yachiwiri, asamutse makina kuchoka pa iyi kupita pa inayo, aone zomwe zikukana: netiweki yasowa, disiki sikuwerengeka, Windows yakana kuyaka chifukwa madalaivala ake, timapulogalamu toyendetsa zida za kompyuta, sakugwirizana ndi nyumba yatsopano. Magetsi akathima pakati pa ntchito, asadandaule, limenelo ndi phunziro laulere la Eskom. Zonse azilemba m'kope, tsiku ndi tsiku. Pa intavyu funso limakhala loti, "Wasamutsa seva ndipo siikuyaka, utani?" Amene anayamba watuluka thukuta pa vutoli pakati pa usiku amayankha osachita chibwibwi. Woloweza mabuku amayamba kuyang'ana kudenga.

Mapepala abwere pambuyo, ndipo ayambe ndi a maziko: CompTIA Network+, ya zanetiweki, kenako RHCSA ya Red Hat, ya za Linux, yomwe mayeso ake amachita pa kompyuta yeniyeni osati kuchonga mayankho. Wodziwa Linux ndi netiweki sataya ntchito chifukwa choti kampani ina yagulidwa ku America.

Bambo a mwanayu, ndi ulemu wonse: mwana wathera zaka pa dipuloma, inu mukufuna ayambirenso chifukwa mwana wa mnzanu wa kutchalitchi ali ku banki? Zimenezi zimandikwiyitsa. Ndipo iwe mnyamata, zaka ziwiri pakhomo uli ndi foni ndi data, sunayikepo ngakhale Linux pa laputopu? Amayi ako ndiwo akulemba kalata, iwe uli kuti?

Chinanso, mayi, simunanene ngati dipulomayo anaitengera kumudzi kapena kuno. Ngati ndi ya ku Malawi, ipititseni ku SAQA, bungwe la ku South Africa loona mapepala a maphunziro, akaiunike, ndipo mapepala ake okhalira ndi kugwirira ntchito akhale olongosoka, chifukwa makampani amenewa amafunsa zimenezo asanaone china chilichonse.

Ngati pofika miyezi itatu kope lija ladzaza theka, mundilemberenso, tidzakambe za mayeso oyamba. Ngati kompyutayo ili ndi fumbi pansi pa bedi, ndiye kuti bambo ake anali ndi mfundo.