Achemwali, trayipodi siigwira galu

Mchemwali wina wandilembera imelo akuti anagula kamera ya Canon ya sekondi handi ndi lenzi ija imabwera nayo ya 18-55, ali ndi galu wakuda bii ndi kamphaka, koma akajambula pa Auto m'nyumba zithunzi zikumatuluka zachimbuuzi, galuyo akumaoneka wotuwa mbuu, ndiye akufunsa ngati agule trayipodi (choimikapo kamera cha miyendo itatu) kapena lenzi ina.

Achemwali, ndalama zanu sungani kaye. Trayipodi imagwira kamera osati galu, ngakhalenso IS ija ili pa lenzi yanuyo ntchito yake nkuchepetsa kunjenjemera kwa manja anu basi, galu akatembenuza mutu chithunzi chimaonongekabe. Vuto lanu ndi shutter speed, kanthawi kamene kamera imakhala yotsegula kuti kuwala kulowe. Pa Auto kamera ikaona kuti kuwala kwachepa imatsitsa liwirolo mpaka 1/60 mwinanso 1/30 ya sekondi, pamenepo galu wagwedeza kale makutu, lilime latuluka nkubwereranso, zonsezo zalowa mu chithunzi chimodzi.

Ndiye tembenuzani kawilo kaja kapamwamba muike pa Tv (a Nikon kwanu ndi S), pamenepo shutter speed mumasankha nokha. Galu akagona kapena mphaka akakhala phee pawindo, 1/250 yakwana. Akamayendayenda 1/500. Akamathamangira mpira musatsike pa 1/1000. ISO, nambala imene ikakwera chithunzi chimawala ngakhale kuwala kwachepa, isiyeni pa Auto ikwere yokha, ndipo apa mpamene anthu ambiri ongoyamba amachita mantha akuti ISO ikafika 1600 kapena 3200 chithunzi chimakhala ndi timadontho ngati mchenga. Nzoona zimenezo, koma ine ndikuti lolani timadonthoto, chifukwa pa foni kapena pa Facebook palibe amene adzatione, komanso pa kompyuta mutha kutichepetsa, pomwe chithunzi chogwedezeka ndiye chapita basi.

Chinanso lenzi yanuyo siikonda mdima, pa 18 imatsegula f/3.5 koma mukazuma mpaka 55 imangofika f/5.6 (nambala ya f ikakula bowo la lenzi limachepa), kuwala kolowa kumachepa kwambiri. Mtulutseni galuyo, pakhonde kapena pamthunzi wa mango, m'mamawa kapena dzuwa likapendeka cha m'ma 4 koloko. Dzuwa la paliwombo limabisa maso a galu wakuda, mumangoona mphuno kunyezimira. Fulashi ayi ndithu, maso amatuluka obiriwira ndipo mphaka amadzidzimuka nkuthawa.

Za kutuwa kuja si kamera yanu yokha. Kamera poyeza kuwala imafuna chilichonse chikhale chapakatikati, ndiye galu wakuda akadzaza chithunzi iyo imaganiza kuti kwada nkuwonjezera kuwala. Pezani kabatani kolembedwa +/- mutsitse kufika -1, mujambule, muone pa sikirini ngati ubweya ukuoneka wakuda koma tsitsi lake likusiyanitsikabe. Akanakhala galu woyera mukanakweza cha ku +1.

Fokasi musaisiyire kamera, imakonda kugwira mphuno chifukwa ndi imene ili pafupi. Sankhani kadontho ka fokasi kamodzi mukaike pa diso lomwe lili kufupi ndi inu, AF (fokasi yodzichitira yokha) muike pa AI Servo kuti izimutsatira akamasuntha, ndiponso ikani kuti izijambula zingapo motsatizana mukakanikiza batani osachotsa chala. Pa zithunzi zisanu chimodzi chikatuluka kiliya mwawina, zinazo fufutani osadandaula.

Ndipo chonde gwadani. Zithunzi zojambula mutaimirira zimangoonetsa msana wa galu ndi simenti. Khalani pansi kamera ifanane ndi maso ake, zigongono zikhale pamawondo, dzanja lamanzere ligwire lenzi kunsi. Mwana kapena wina aliyense aime kumbuyo kwanu agwire kafupa pamwamba penipeni pa kamera, kapena aimbe likhweru kamodzi kokha, galu amaimika makutu kwa kasekondi ndipo apo mpamene mukanikize. Kamphakako sikamva likhweru, kaonetseni kausipa kamodzi.