Kakompyuta kanga kakuchedwa kuyaka, ndigule kena?

Funso: Akulu, ndinapanga kachipangizo ndi kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi 4, kali ndi sensa yoyeza kutentha ndi kasikirini, ntchito yake ndi kungoonetsa manambala basi. Vuto ndi loti ndikakayatsa kamatenga masekondi pafupifupi 40 kuti pulogalamu yanga ya Python ionetse kanthu, ndipo magetsi akangothima n'kubweranso ndiye kudikira konseko kuyambiranso. Ndinasintha SD kadi koma palibe chasintha. Mnzanga akuti ndingogula Pi 5, eti ndi zoona? Ndine wowerenga wanu wa nthawi zonse.

Yankho: Achimwene, musagule kaye. Pi 4 ndi yamphamvu kwambiri pa ntchito yoonetsa manambala, ndipo pa masekondi 40 amenewo ambiri kakompyuta kanuko sikakugwira ntchito yolemetsa ayi, kakungodikira zinthu zomwe inu simukuzifuna n'komwe. Mukagula yothamanga nayonso izikadikira zomwezo.

Mukayatsa, pamachitika zinthu motsatizana. Choyamba ndi bootloader, pulogalamu yoyambitsa kompyuta, pa Pi 4 imakhala mu kachipu ka EEPROM pa bolodi pompo, kenako firmware, pulogalamu ya bolodiyo, imawerenga fayilo ya config.txt n'kukweza kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, kernel n'kudzutsa madalaivala, mapulogalamu oyendetsa zida za pa bolodi, pomaliza systemd ndi amene amayatsa maservice onse, mapulogalamu ogwira ntchito kumbuyo, kuphatikizapo pulogalamu yanu. Ndiye funso loyamba ndi loti nthawi ikuthera pati, ndipo apa osangoganizira, yezani. Lembani systemd-analyze, ikuuzani masekondi a kernel ndi a userspace, gawo la maservice lija, padera. Anthu ambiri amathamangira systemd-analyze blame chifukwa imaonetsa mndandanda wa maservice ochedwa, koma imeneyo imasocheretsa, maservice ambiri amayaka nthawi imodzi ndiye mutha kuthimitsa yomwe ili pamwamba penipeni n'kupeza kuti palibe chomwe mwapindula. Yothandiza ndi systemd-analyze critical-chain, mukalemba mawu amenewa mutsatize dzina la service yanu, imaonetsa kuti uyu amadikira uyu, uyunso amadikira uja, mpaka kufika pa pulogalamu yanuyo. Koma dziwani kuti pa Pi nthawi ya firmware siwerengedwa mmenemo, ndiye tengani foni mujambule vidiyo kuyambira pomwe mwalumikiza magetsi mpaka nambala yoyamba itaoneka, imeneyo ndiye nthawi yeniyeni.

Ine ndikukayikira kwambiri netiweki. Kuyambira pa Raspberry Pi OS Bookworm ya 2023 netiweki imayendetsedwa ndi NetworkManager, ndipo pali service ina yotchedwa NetworkManager-wait-online yomwe ntchito yake ndi kuimitsa anzake mpaka Wi-Fi italumikizika n'kulandira IP. Ngati rauta nayonso inathima limodzi ndi magetsi aja ndiye kuti Pi yanu ikudikira chinthu chomwe nachonso sichinayake. Sensa yanu ikufuna intaneti kuti iwerenge kutentha? Ayi. Ndiye thimitsani service imeneyo ndi systemctl disable, ndipo mu fayilo ya service yanu chotsani mzere wonena kuti iyambe pambuyo pa network-online.target ngati ulimo. Ngati pulogalamuyo imatumiza manambala kwina, ilembeni kuti iyambe kuonetsa kaye, zotumizazo iziyesa payokha netiweki ikabwera.

Chinanso, simunanene ngati mukugwiritsa ntchito OS yokhala ndi desktop. Ngati ndi choncho ndiye kuti mukuyatsa desktop yonse chifukwa cha manambala atatu okha, sinthani muike Raspberry Pi OS Lite, pulogalamu yanu izilemba pa sikirini mwachindunji. Kenako onani zomwe simuzigwiritsa ntchito, Bluetooth, avahi, ModemManager ngati ilipo. Muzithimitsa imodzi imodzi, n'kuyatsanso, n'kuyeza, n'kulemba penapake, chifukwa mukathimitsa zisanu nthawi imodzi china n'kufa simudziwa cholakwa ndi chiti. SSH yokha isiyeni mpaka kumapeto, ndi khomo lanu lolowera zinthu zikavuta.

Mu /boot/firmware/config.txt ikani disable_splash=1, dtoverlay=disable-bt, komanso camera_auto_detect=0 ngati mulibe kamera. Izi phindu lake ndi lochepa. Mu cmdline.txt onjezani mawu oti quiet, pa mzere womwewo osatsika pansi. Amenewa amathandiza kwambiri ngati serial console, chingwe chomwe Pi imatumizira uthenga wake ku kompyuta ina, ndi yoyatsa, chifukwa pa liwiro la 115200 chingwecho chimatumiza zilembo pafupifupi 11,500 pa sekondi, ndiye kernel ikamalemba uthenga wambirimbiri nthawi imathera pa kulongolola.

Za SD kadi, nambala yaikulu ya liwiro yomwe imalembedwa pa kadi ndi ya mafayilo akuluakulu ngati mavidiyo, pomwe poyaka kompyuta imawerenga timafayilo tambirimbiri tomwazikana. Chizindikiro choyenera kuyang'ana ndi A1 kapena A2. Ndipo poti mwanena za magetsi kuthima, nkhani imeneyi ndi yomwe ikundidetsa nkhawa kuposa kuchedwako, chifukwa magetsi akathima kadi ili mkati molemba mafayilo amatha kuonongeka, tsiku lina kachipangizo kanu sikadzayakanso. Mukamaliza kukonza zonse lowani mu raspi-config muyatse overlay file system kuti kadiyo izingowerengedwa osalembedwa, kungoti zomwe mukufuna kusunga muzipezere malo ena chifukwa zimafufutika mukathimitsa.

Python yanuyonso muiyeze. Kungoitana malaibulale akuluakulu ngati numpy kapena matplotlib koyamba kuchokera pa kadi kumadya masekondi, lembani python3 -X importtime muone ndi iti ikulemera, yosafunika poyambirira muiitane pambuyo nambala itaoneka kale.

Mukachita izi nthawi itsika kwambiri popanda kugula kanthu. Ngati mukufuna masekondi ochepa zedi ndiye njira ndi kumanga Linux yanuyanu ndi Buildroot kapena Yocto, kernel yokhala ndi madalaivala okhawo a bolodi yanu, yopanikizidwa ndi LZ4 yomwe imamasuka msanga kuposa gzip, ndipo kapulogalamu kopepuka ka BusyBox n'kuyatsa pulogalamu yanu mwachindunji m'malo mwa systemd. Kwa owerenga amene muli ndi mabolodi oyendera bootloader ya U-Boot ngati BeagleBone, yambani ndi bootdelay, imeneyo ndi nthawi yongodikira munthu kuti adine batani, ikani 0. Koma Buildroot ndi ntchito ya masabata kwa woyamba kumene, ndipo zosintha zachitetezo zonse zimakhala pamutu panu. Komanso achimwene, ngati kachipangizoko ntchito yake idzakhala sensa ndi manambala mpaka kalekale, taganizirani za Raspberry Pi Pico kapena ESP32, timeneto tilibe Linux ndiye timayamba ntchito nthawi yomweyo mukangolumikiza magetsi. Yambani ndi critical-chain ija, mutitumizire zomwe yaonetsa tione limodzi.