Kukumba matope pamathiriro a mtsinje ndi nkhani ya mercury mu nsomba

Mmodzi mwa owerenga wandilembera imelo yokhala ndi funso lofunika kuliyankha modekha. Iwo akuti kumene amakhala, pamalo pamene mtsinje umathira m'nyanja yamchere, oyang'anira doko akufuna kukumba matope a pansi pa madzi kuti sitima zikuluzikulu zizidutsa bwino, ndipo amva kuti ntchito yotereyi imachulukitsa mercury, chitsulo chapoizoni, mu nsomba ndi nkhanu. Akufunsa ngati zimenezi zili zoona, komanso ngati banja lawo liyenera kusiya kudya nsomba za kumeneko.

Zikomo pondilembera. Nkhawa yanu ili ndi maziko, koma kukula kwa vutolo kumadalira zimene zili m'matopewo, kuya kumene okumbawo afike, ndi kumene akatayire matope amene avuula. Makina okumbira sabweretsa mercury, amangovundula amene anakwiririka kalekale.

Mercury wochokera m'mafakitale, m'migodi ndi mu utsi wa malasha akalowa mumtsinje amamatirira ku tinthu ting'onoting'ono ta dothi ndi ta zomera zowola. Pamathiriro madzi amachepa liwiro n'kusakanikirana ndi amchere, ndipo tinthu timeneti timaundana n'kumira, motero malowa amasunga zonyansa za mtsinje wonse kwa zaka zambiri. Akatswiri akafuna kudziwa zimene zilimo amazika paipi m'matope n'kuizula ili yodzaza. Pamwamba pake pamakhala kadothi kofiirira kochepa chabe, koma mukatsika pang'ono matope amada bii ndipo amanunkha ngati mazira ovunda. Fungo limenelo ndi la sulfide, amene amagwira mercury mwamphamvu n'kumusunga pamalo amodzi. M'madera amene mafakitale ankataya zonyansa kale koma anasiya, mercury wambiri amapezeka m'munsi, atakutidwa ndi matope oyera amene anabwera pambuyo pake.

Choopsa chenicheni ndi methylmercury, mtundu wa mercury umene umaunjikana m'matupi a zamoyo. Mabakiteriya ena okhala m'matope opanda okosijeni, makamaka amene amadalira sulfate (mchere wina wopezeka m'madzi a m'nyanja), amasintha mercury wamba kukhala methylmercury, ndipo mu 2013 asayansi anapeza majini (tizigawo ta chibadwa) awiri a mabakiteriyawa, hgcA ndi hgcB, amene amachititsa zimenezi. Pamathiriro mabakiteriyawa amapeza zonse zimene amafuna, chifukwa nyanja imawapatsa sulfate pamene mtsinje umawabweretsera chakudya. Kukumba kumasokoneza malowa m'njira zingapo. Matope akuda aja akavunduka n'kukumana ndi okosijeni, sulfide amayamba kusweka ndipo mercury wina amamasuka. Wambiri amamatiriranso ku dothi mwamsanga n'kumira, koma tsopano amagona pamwamba, pamene mabakiteriya ali ochangamuka ndiponso pamene nyongolotsi, nkhono ndi nkhanu zimadya. Kuwonjezera apo, okumba akachotsa matope oyera a pamwamba n'kulekera pakati, amasiya matope oipitsitsa ali poyera. Ichi ndi chifukwa chake kukumba kozamitsa ngalande kwa nthawi yoyamba kumandidetsa nkhawa kwambiri kusiyana ndi kuchotsa mchenga umene umadzadza ngalande chaka ndi chaka.

Anthu ambiri amayang'ana kuda kwa madzi, ndipo madzi akayera amaganiza kuti vuto latha. Madzi amatha kuyera m'masiku ochepa, pamene methylmercury amakwera pang'onopang'ono kuchokera ku tizamoyo tosaoneka ndi maso, kupita ku nsomba zing'onozing'ono, mpaka ku nsomba zodya zinzake. Amamatirira ku mnofu ndipo amachoka mochedwa kwambiri, choncho nsomba yaikulu, yokhalitsa, imasunga zimene inadya kwa zaka. Nkhono zosefa madzi zimaonetsa kusintha msanga, koma nsomba zikuluzikulu zimatha kudzaonetsa ntchito yokumba itatha kale.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha Minamata ku Japan, kumene fakitale ya Chisso inatayira zonyansa za mercury m'nyanja kuyambira 1932 mpaka 1968, ndipo matenda obwera chifukwa chodya nsomba za kumeneko anadziwika mu 1956. Mu 1974 boma linatchinga ukonde pakhomo la gombe la Minamata kuti nsomba zoipitsidwa zisatuluke. Ntchito yochotsa matope inayamba mu 1977, koma inaima kwa kanthawi chifukwa anthu ena a m'deralo anapita kukhoti poopa zomwe inunso mukuopa, zoti kukumba kudzamwaza mercury. Itayambiranso, anachotsa matope onse okhala ndi mercury woposa magawo 25 pa miliyoni, anawatsekera pamalo otchingidwa a mahekitala 58 n'kuwakwirira ndi dothi loyera, ndipo anamaliza mu 1990. Ukonde uja unachotsedwa mu 1997, nsomba zitayezedwa kwa zaka zotsatizana n'kupezeka kuti mercury wake ali pansi pa malire ovomerezeka. Kumeneko kukumba kunathandiza chifukwa cholinga chake chinali kuchotsa poizoni, ndipo anayang'anira bwino kumene matope aliwonse ankapita. Ngakhale zinali choncho, panadutsa zaka 7 kuchokera pamene ntchito inatha kufika pamene nsomba zinavomerezedwa.

Kusiya matope osawakhudza nakonso sikutsimikizira kuti nsomba zikhala zabwino. Ku Lavaca Bay, m'chigawo cha Texas ku America, boma linaletsa anthu kutenga nsomba ndi nkhanu m'mbali ina ya gombelo mu 1988 chifukwa cha mercury wochokera ku fakitale ya Alcoa, ndipo pamathiriro a mtsinje wa Penobscot ku Maine, ku America komweko, analetsa kugwira nkhanu mu 2014, patapita zaka zambiri kuchokera pamene mercury anatayidwamo.

Ndikanakhala inu, ndikanafunsa oyang'anira ntchitoyo ngati anayeza matope mpaka pa kuya kumene akufuna kufika, chifukwa kuyeza kadothi ka pamwamba kokha kungapereke chithunzi chonyenga. Ndikanafunsanso kumene matopewo akatayidwe, popeza matope a mercury akathiridwa m'dambo kapena pamalo osaya amene amanyowa ndi kuuma mosinthanasinthana, mabakiteriya aja amapeza malo abwino koposa. Makina oyamwa matope ndi zidebe zotseka bwino zimamwaza matope ochepa, ndipo nsalu zotchinga m'madzi zimathandiza kumene madzi sathamanga, ngakhale kuti sizigwira mercury amene wasungunuka. Chofunika koposa ndi chakuti ayeze nsomba ndi nkhanu ntchito isanayambe, kenako apitirize kwa zaka zingapo ndi kulengeza zotsatira zake, pakuti popanda muyeso woyambawo palibe amene adzathe kunena ngati zinthu zasintha.

Pa funso la banja lanu, sindikuona chifukwa chosiyira nsomba zonse pongomva kuti kukubwera ntchito yokumba, chifukwa nsomba ndi chakudya chofunika m'thupi. Ku European Union malire a mercury mu nsomba zambiri ndi mamiligalamu 0.5 pa kilogalamu, pamene nsomba zodya zinzake monga shaki zimaloledwa kufika miligalamu imodzi. Ngati mtsinje wanu uli ndi mbiri ya mafakitale kapena migodi, amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana aang'ono ndiwo ayenera kusamala kwambiri, chifukwa methylmercury amadutsa kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wosabadwa n'kuwononga ubongo umene ukukula. Iwowa asankhe nsomba zing'onozing'ono, azisinthasintha mitundu, ndipo apewe nkhanu ndi nkhono zogwidwa pafupi ndi pamene akukumba kufikira zotsatira za kuyeza zitatuluka. Kuphika, kukazinga, kuwamba kapena kuchotsa khungu sikuchotsa mercury, popeza amakhala mu mnofu weniweniwo.