Ndalama za soya zapita ndi kandeke: kodi kampani ili ndi mlandu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa cha ku Chadiza. Dzina ndabisa monga anandipempha. Amuna awo anagulitsa soya mu June, K18,000 inalowa pafoni, koma pofika August panalibe ngakhale ya thumba limodzi la feteleza. Yonse inathera kubetcha mpira ndi kandeke, kamasewero ka juga ka pafoni. Chapakati penipeni bambowo mantha atawagwira anaimbira kampani yobetchetsayo kuti itseke akaunti yawo. Anawayankha kuti zatheka. Patapita masiku anayi pafoni panagwa uthenga wa bonasi, ndipo atayesa kulowa anapeza khomo lili pululu. Ankhoswe atakhala pansi anagamula kuti: "Palibe anawagwira dzanja." Funso la mayiwa ndi ili: "Kodi kampaniyi tingaitengere kukhoti itibwezere ndalama zathu? Kapena ankhoswe akunena zoona kuti mlandu ndi wa bambo a ana okha?"

Mayi, pepani. Ndalama ya soya ndi thukuta la banja lonse, kuyambira kupalira mpaka kupuntha, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mwa makasu amenewo munagwira ndinu. Ndiyamba ndi mbali yowawa kuti ndisakunamizeni: kupambana mlandu wotere kukhoti ndi kovuta kwambiri, ngakhale m'mayiko amene maloya ndi ambiri ngati mchenga.

Mlandu wodziwika bwino ndi wa Graham Calvert wa ku England, yemwe ankaphunzitsa agalu a mpikisano wothamanga. Mu 2006 anapempha kampani ya William Hill kuti imutsekere akaunti, ndipo anamuuza kuti sadzaloledwa kubetcha kwa miyezi 6. Nthawiyo isanathe anayambiranso, m'dzina lake lomwelo, kampani n'kumalandira. Anataya mapaundi pafupifupi 2 miliyoni, ndipo tsiku lina anaponya mapaundi 347,000 pa mpikisano umodzi wa gofu. Mu 2008 khoti linati kampani yobetchetsa ilibe udindo woteteza kasitomala aliyense ku chilakolako chake. Linavomera kuti apa kampaniyo inalakwa posasunga lonjezo lomutsekera, komabe silinamupatse kalikonse, ati chifukwa akanamukaniza kumeneko akanakathera ndalamazo ku makampani ena. Khoti la apilo linagwirizana nazo chaka chomwecho. Ku Australia nako, mu 2013, khoti lalikulu linakana dandaulo la Harry Kakavas yemwe anataya madola a kumeneko oposa 20 miliyoni ku kasino ya Crown ku Melbourne.

Mwina mukuti za ku England zikutikhudza bwanji ife a kuno kum'mawa. Zikutikhudza chifukwa malamulo a Zambia pa nkhani za mapangano ndi kusasamala anachokera ku England, ndipo oweruza athu amayang'anabe zigamulo za kumeneko akamaunika mlandu wachilendo. Loya wa kampani adzafika ndi nkhani ya Calvert m'manja, n'kunena kuti mu Chipata mokha muli mashopu obetchera angapo, ndipo pafoni muli ena osawerengeka.

Koma taonani bwino chigamulocho. Woweruza sananene kuti kampani ndi yoyera. Anati pamene munthu wanena ndi pakamwa pake kuti "nditsekereni, sindingathe kudzigwira", ndipo kampani yavomera, pamenepo pabadwa udindo. Nkhani ya amuna anu yagona pomwepo, ndipo m'pamene ine ndikusiyana ndi ankhoswe.

Ankhoswe sanalakwe kotheratu. Tsiku loyamba bambo anatenga foni okha, anaika nambala yachinsinsi okha, ndipo anakubisirani okha. Bodza limene anakuuzani mutafunsa za feteleza ndi lawo, kampani sinawalembere. Ngati sadzavomera zimenezi, ngakhale ndalama itabwerera mawa idzapitanso njira yomweyo. Koma mawu akuti "palibe anawagwira dzanja" amamveka bwino pakati pa anthu awiri ofanana mphamvu, monga awiri osewera nsolo pansi pa mtengo wa mango. Apa palibe kufanana.

Tiyeni tiwerenge. Ngati zinthu ziwiri zili ndi mwayi wofanana ndendende, malipiro achilungamo ndi 2.00 mbali iliyonse, kutanthauza kuti woponya K100 akapambana alandira K200. Kampani imaika mwina 1.90. Ndiye kuti pa K100 iliyonse yobetchedwa, K5 ndi yake mpira usanayambe n'komwe. Mukamanga tikiti ya magemu 10, kaphindu kameneka kamadzichulukitsa, moti pa K100 pafupifupi K40 imakhala yapita kale. N'chifukwa chake tikiti yaitali ndi imene amaikometsera ndi mabonasi. Kandeke nako, eni ake amanena okha kuti kamabweza 97 pa 100 iliyonse. Kumva choncho munthu amati K3 si kanthu. Koma ulendo umodzi wa kandeke umatha m'masekondi ochepa. Woponya K100 maulendo 50 usiku umodzi wazunguza K5,000, ndipo mwa masamu a eni akewo wataya K150. Mawa lake chimodzimodzi, mpaka soya yense atatha.

Ndinaima tsiku lina m'mawa pashopu ina yobetchera pafupi ndi msika wa Kapata, ndikudikira mnyamata wa njinga yamoto amene amanditenga. Anali mkati. Pansi panali timapepala ta matikiti tambirimbiri topondedwa, anthu ali chete, maso onse pa sikirini. Atatuluka anandiuza kuti K150 yoti akapereke kwa mwini njinga yapita, koma "gemu imodzi yokha ndiyo yandidula". Mawu amenewo ndawamva kwa aphunzitsi, kwa ogulitsa salaula, kwa mwana wa mlongo wanga. Gemu imodzi yodulayo ndiyo nyambo, chifukwa munthu amachoka akuona ngati anatsala pang'ono kupambana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika vuto la juga m'gulu limodzi ndi matenda a chizolowezi monga uchidakwa, m'buku lake la matenda lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022. Chizindikiro chachikulu cha matendawa chimakhudza chomwecho chimene ankhoswe akufuna kuti bambo akhale nacho: mphamvu yoleka imakhala itafooka.

Tsono ganizirani zimene kampani imaona. Inu munadziwa mu August. Kompyuta yawo inadziwa mu June. Inaona munthu amene ankaponya K20 Loweruka lokha atayamba kuika K1,000 pakati pa usiku, kuluza, kuikanso ina mphindi zisanu zisanathe. Mayi wogulitsa kachasu kumudzi amatha kuuza munthu kuti "zakwana, pitani mukagone", pomwe alibe kaundula aliyense. Kampani ili ndi kaundula wa ngwee iliyonse ndi ola lililonse. Ngati nzeru zotumizira bonasi kwa munthu amene wakhala chete masiku anayi ili nazo, nzeru zomutsekera ilinso nazo. Inasankha yokha kugwiritsa ntchito imodzi n'kusiya inayo, ndipo kwa ine umenewo ndi mlandu, kaya khoti liutchule kapena ayi.

Ku Britain anazindikira kuti nkhaniyi singasiyidwe m'manja mwa makhoti okha, ndiye anaiika pa laisensi. Kuyambira 2020 kampani iliyonse ya pa intaneti iyenera kukhala mu GAMSTOP, kumene munthu amalembetsa kamodzi n'kutsekeredwa m'makampani onse nthawi imodzi. Izi zimathetsa mfundo ija yoti "akanapita kwina". Chaka chomwecho analetsa kubetcha ndi khadi la ngongole. Mu 2023 William Hill yomweyo inalipitsidwa mapaundi 19.2 miliyoni, ndipo chimodzi mwa zolakwa chinali kulola kasitomala watsopano kuponya mapaundi 23,000 m'mphindi 20 popanda womufunsa. Kufupi kuno, Uganda salola munthu wosakwana zaka 25 kubetcha.

Ife lamulo lathu lalikulu ndi Betting Control Act, Chapter 166, la nthawi ya atsamunda, pamene kubetcha kunali kwa pakauntala ndi pensulo. Limanena za laisensi ndi kuletsa ana osakwana zaka 18, koma olilemba sanalote za mlimi wa ku Chadiza wokhala ndi kasino m'thumba la malaya, yolumikizidwa ku Airtel Money kapena MoMo. Mu 2025 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa ndalama zobetchera, makampani n'kuthamangira kukhoti. Zimandipweteka kuti mkangano waukulu unali wa kagawidwe ka ndalama pakati pa boma ndi makampani, pomwe mabanja amene ndalamazo zimachokera sanamveke. Phungu wanu akadzabwera kumsonkhano, mufunseni za kaundula mmodzi wodzitsekera, ndi chilango kwa kampani yotumiza bonasi kwa munthu amene anapempha kutsekeredwa.

Nanga inu lero mutani? Musafufute kalikonse pafoni ya bambo. Uthenga wa bonasi uja, tsiku ndi ola limene anaimba, zonse zijambuleni ndi foni ina. Pitani nawo ku ofesi ya kampani ya foni mukapemphe sitetimenti ya ndalama kuyambira June, kuti zioneke zimene zinalowa kukampani yobetchetsayo pambuyo pa tsiku lopempha kutseka. Ngati pali ndalama yoti n'kumenyera, ndi imeneyo, osati K18,000 yonse. Kenako bambo alembe kalata, asaine okha, yofuna kuti akaunti itsekedwe ndi mauthenga aleke, ndipo musunge kope. Mapepalawa pitani nawo ku Legal Aid Board muno mu Chipata kuti loya awaone, ndipo dandaulo lina lipite ku Betting Control and Licensing Board imene imapereka malaisensi. Kampani imaopa kwambiri wogwira laisensi yake kuposa kalata ya mlimi. Musakatenge kaloba kuti mulipire loya, ndipo afunseni bambo mofatsa ngati alibe kaloba ina imene simukuidziwa, chifukwa nthawi zambiri imakhalapo.

Za thanzi lawo musazichedwetse. Ku Chipata Central Hospital kuli a zamaganizo, ndipo ngati bambo ayamba kulankhula zoti moyo watha ntchito, apite tsiku lomwelo, musawasiye okha.

Ankhoswe aja aitaneninso mvula isanagwe. Nthawi ino asabwere kudzagamula wolakwa. Abwere kudzachitira umboni pangano: ndalama ya mtedza ndi chimanga chotsala ilowe pa nambala yanu, feteleza agulidwe tsiku lomwelo la malonda, ndipo bambo akhale ndi kafoni ka mabatani mpaka mudzakolole.